Makiyi a pa Maliro

Mukafunsa za a Biswick Kansengwa ku mpingo wathu wa ku Tottenham, ambiri akuuzani chinthu chimodzi: ndi aja anakana makiyi pa maliro a mnzawo. Ena amanena motsitsa mawu, ena amanenabe ndi mkwiyo. Eni akewo anabwerera kumudzi, ndipo sanadziyankhirepo. Ine ndinali mnansi wawo ku Thamesmead. Makomo athu ankayang'anizana pamwamba pa nsanjika imodzi, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso. Ndikulembera makamaka ana amene ndimawaphunzitsa Chichewa Loweruka, amene amamva dzinali kwa makolo awo koma munthuyo sanamudziwe bwino.

A Biswick anali a ku Ntcheu. Kwa zaka zoposa makumi awiri ankayendetsa ambulansi ya chipatala china cha mishoni. Ananyamula amayi oyembekezera m'misewu ya matope, anawoloka timilatho ta mitengo nthawi ya dzinja, ndipo ankakonda kunena kuti pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa zikhatho zazikulu. Akafuna kuyendetsa galimoto, kaya ndi ya yani, ankayamba aizungulira kaye: kupondaponda matayala, kusuzumira mafuta a mu injini, kupukuta magalasi ndi kansalu kamene sikankachoka m'thumba mwawo. Pachipatala pomwepo ndi pamene anadziwana ndi mayi Effie, namwino, nakwatirana.

Mu 2001 mayi Effie anapeza ntchito pa chipatala china cha ku Woolwich, ndipo banja lonse linabwera ku London pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Stephanie. A Biswick analowa ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, yochapa zofunda ndi kukankha mawilicheya. Sanadandaule. Chimene chinawapweteka ndi laisensi. Ya ku Malawi imaloledwa kuno chaka chimodzi chokha. Chikatha, umayambira pansi ngati sunagwirepo chiwongolero.

Mnzawo wa pamtima anali a Lasten, amene ankayendetsa vani yogawa katundu ku Wembley. A Lasten anabadwira pa famu ina ku Zimbabwe, koma bambo awo anali a ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinkabwera chosakanikirana ndi Chishona. Laisensi ya ku Zimbabwe inkasinthidwa popanda mayeso, choncho a Lasten anapeza pogwira.

"Achimwene," ankatero, "inu zaka zonsezi pa msewu, koma kuno ndinu a sitandade wani. Ine ndinangotumiza yanga pa positi, ina nkubwera."

"Mutiuza chiyani inu, ophunzirira pa thirakitala ya mzungu?" a Biswick ankabweza. "Kumunda kuli maloboti?"

Mu 2003 a Biswick anakhoza mayeso, nagula Toyota yakale yaitali kumbuyo. Kuyambira pamenepo anasanduka dalaivala wa mpingo wonse.

Ana inu mwina simudziwa mmene tinkachitira pa maliro masiku amenewo, ndiye ndifotokoze. Munthu akamwalira, tonse tinkasonkhana ku nyumba ya malirowo, amayi pansi m'chipinda chochezera, abambo m'khitchini ndi panja. Pafupi ndi khomo ankaikapo mbale. Aliyense wobwera ndi galimoto ankaponyamo makiyi ake, ndipo oyamba kulowa m'mbalemo ankakhala makiyi a womwalirayo. Kuyambira pamenepo magalimoto sanalinso a eni ake, anali a maliro. Wotumidwa kukagula ufa ndi nyama, kukatenga mipando ku tchalitchi kapena kukalandira abale ku bwalo la ndege ankangotola makiyi alionse napita. Maliro nkulirana, ndipo wokana kutumidwa pa maliro amadziika yekha kunja kwa anthu. Mwambowu tinaupakira m'sutukesi pobwera, osafunsa ngati dziko lino limaudziwa. Ndipo palibe amene ankatola makiyi m'mbale kawirikawiri kuposa a Biswick.

Kumayambiriro kwa 2004 mayi Effie anagwa ali pa ntchito. Inali sitiroko. Anapulumuka, koma mkono ndi mwendo wa kumanja zinafooka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuchita kuwatola pansi. Ntchito inathera pomwepo. Chimene chinawatsalira kunja kwa nyumba chinali Lamulungu. Anali mayi wa Mvano, woyambitsa nyimbo, ndipo chodabwitsa nchakuti mawu amene ankawakanika polankhula ankabwera okha poimba. Mapemphero athu ankayamba masana, chifukwa tchalitchi tinkachita kubwereka eni ake akaweruka. A Biswick ankawatsitsa pa lifiti, kuwakhazika kutsogolo m'galimoto, wilicheya kumbuyo. Sankadzera msewu wa pansi pa mtsinje ngakhale ndi wachangu. Ankadzera pa pantoni ya ku Woolwich, yowolotsa magalimoto pa Thames, chifukwa mayi Effie ankakonda kutsitsa galasi kuti mphepo ya pamadzi iziwawomba kumaso. Masiku ambiri ndinkakwera nawo.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunamwalira a Oswald, mmodzi wa oimba kwaya. Sabata imeneyo Toyota inali ku galaja, ndipo panafunika munthu wokatenga achimwene a malemu ku Heathrow. Namfedwa anatola makiyi a amuna awo m'mbale nawapereka kwa a Biswick, iwo nkuwalandira ndi manja awiri. Anaizungulira galimotoyo monga mwa nthawi zonse. Pa galasi la kutsogolo panali kapepala kozungulira ka msonkho wa pa msewu, tsiku lake lisanathe. A Biswick ankadziwa kuti ku positi sakupatsa kapepalako usanaonetse inshulansi, choncho mtima unakhala pansi: galimotoyi ili ndi inshulansi. Ambulansi ya ku mishoni ankasinthana madalaivala angapo pa inshulansi imodzi, ndipo iwo anakula akudziwa kuti inshulansi imatsata galimoto. Palibe anawauzapo kuti kuno imatsata dzina la munthu.

Pobwerera, ataima pa maloboti, vani ina inawagunda kumbuyo. Palibe anavulala, ndipo wolakwa anali wa vaniyo. Koma apolisi anafika.

"Galimotoyi ndi yanu?" anafunsa wapolisi, munthu waulemu ndithu.

"Ayi, ndi ya a Oswald."

"Iwowo ali kuti?"

"Amwalira Lachiwiri. Awa ndi achimwene awo, tikupita ku maliro."

Wapolisiyo anapepesa, kenaka anapatuka kukaimba foni. Atabwerako anati inshulansi ya galimotoyo ikutchula malemu ndi mkazi wawo basi. Anafunsa ngati ya a Biswick imawalola kuyendetsa magalimoto a ena. A Biswick sanalimvetse funsolo. Analoza kapepala ka pa galasi kaja, naloza kachiwiri. Yawo inali yotsika mtengo, ya Toyota yokha.

Ndinawaperekeza ku khoti. Anavala suti yakuda imene ankavala pa maliro, nafotokoza za mbale ya makiyi mwadongosolo. Woweruza, mayi wa imvi, anamvetsera mpaka kumapeto. Anati ndi mwambo wokoma, koma lamulo siliudziwa. Anawalipiritsa, nawalembera mapointi asanu ndi limodzi, zimene ndi zizindikiro za chilango pa laisensi. Tinatuluka tikuganiza kuti zathera pomwepo. Patapita masabata angapo a Biswick anagogoda pakhomo panga, kalata ili m'manja.

"Aphunzitsi, tawerengani inu. Mwina Chingerezi changa chikundinamiza."

Sichinawanamize. Munthu amene sanathe zaka ziwiri chikhozereni mayeso, akafikitsa mapointi amenewo, laisensi imalandidwa ndipo amayambiranso mayeso onse.

"Ndiye akuti ndine dalaivala watsopano?"

"Akutero, bambo."

Anaseka pang'ono, ka m'mphuno. Kenaka anayang'ana khomo la nyumba yawo limene anasiya chosatseka.

"Nanga amake Stephanie Lamulungu?"

Tinayesa kamodzi kuyenda ngati anthu ena onse. Ku Thamesmead kulibe siteshoni ya sitima. Tinakwera basi mpaka North Greenwich, kenaka sitima ya pansi, kusintha, kukweranso ina. Pa siteshoni yomaliza a Biswick anawabereka mayi Effie kumsana pa masitepe, ine nditanyamula wilicheya, anthu akutilambalala mothamanga. Titafika pamwamba mayi Effie anatseka maso.

"Basi," anatero. Anapuma. "Tisayesenso."

Moyo wawo wonse anali wonyamula ena. Kuberekedwa pagulu kunawapweteka kuposa matendawo.

A Lasten ankabwera kudzawatenga akakhala kuti sali pa ntchito Lamulungu, koma zinali za apo ndi apo. Ena analonjeza, ndipo sindiwaweruza. Ambiri ankagwira mashifiti otsatizana, ndipo Thamesmead ndi kutali ndi kulikonse. Amayi a Mvano anabwera miyezi yoyamba, kenaka nkumangoimba foni. Koma Lamulungu lililonse mayi Effie ankavalabe yunifolomu yawo, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera, nakhala pa zenera loyang'ana kumtsinje kufikira nthawi yoweruka ku Tottenham. Pansi apo Toyota inkangounjikana masamba. Chaka chinatha chotero, china nkuyamba.

Mayeso oyamba ndi a pa kompyuta. Ine ndimaphunzitsa ana aang'ono, ndipo ndinali ndisanakhalepo ndi wophunzira wa imvi. A Biswick ankabwera ndikaweruka ku sukulu, atavala magalasi, nakhala atawongola msana ngati mwana wa mzere wa kutsogolo. Malamulo a pa msewu sanawavute. Chinawavuta ndi gawo limene amaonetsa kanema wa msewu, iwe nkumadina ukaona choopsa. Iwo ankadina paliponse: galu ali patali, mayi akuyenda m'mbali, chitseko cha mpanda chosatseka. Kompyuta inkawayesa onyenga nkuwapatsa ziro.

"Dikirani kaye chiyambe kuchitika, bambo," ndinkatero.

"Aphunzitsi, mbuzi sichenjeza."

Ndinawaphunzitsa kudikira monga ndimaphunzitsira ana kukweza dzanja, ndipo anakhoza. Kenaka anayamba za pa msewu, chilembo chofiira cha ophunzira chitamatidwa pa galimoto, mphunzitsi wawo ali wamng'ono kwa iwo kutalitali. Ulendo woyamba analephera chifukwa chogwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, lina lili pa giya, chizolowezi cha pa ambulansi. Sanauze aliyense kupatula ine. Ulendo wachiwiri, mu Epulo 2006, anabwera ndi pepala lokhoza, naliika pa miyendo ya mayi Effie.

Tinkayesa kuti phiri linali laisensi. Phiri lenileni linali kutsogolo. Popanda inshulansi yatsopano galimoto sikanatha kusuntha, ndipo kampani iliyonse imene anaimbira inkafunsa funso lomwelo: kodi munapezekapo ndi mlandu wa pa msewu? A Biswick ankayankha kuti inde, woyendetsa popanda inshulansi. Ena ankathokoza nkudula foni. Ena ankatchula mtengo woti munthu nkugulira galimoto ina. Akamva kuti amakhala ku Thamesmead ankakwezanso. Laisensi inali m'thumba, koma mayi Effie anali pa zenera pomwe paja.

Loweruka lina a Lasten anabwera. Stephanie analiponso, atachokera ku Kingston kumene ankaphunzira za mankhwala pa yunivesite.

"Achimwene, vuto lanu mumayankha ngati muli m'kalasi ya katekisimu," anatero a Lasten. "Akafunsa za mlandu, mungoti ayi. Ndipo Thamesmead musatchule, amaiopa. Nenani kuti galimoto imagona ku Kingston, kumene akukhala mwanayu ndi anzake a sukulu. Theka la mpingo limachita zomwezo, palibe wamangidwa."

Stephanie amamva Chichewa bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi. Anati iye alibe nazo vuto, adiresi yake aigwiritse ntchito, bola amayi ake atuluke m'nyumba. Ananena akuyang'ana pansi.

Ndinaona kuti mtima wa a Biswick ukufuna.

"Ulendo woyamba ndinalowa m'khoti chifukwa chosadziwa," anatero pomaliza, "ndipo ndinatha kumuyang'ana woweruza m'maso. Kachiwiri ndikalowe ndikudziwa, nditakokeranso mwana?"

"Ndiye khalani oyera mtima oyenda pansi," anatero a Lasten, natenga chipewa chawo.

Koma Lolemba lake ndi a Lasten omwewo amene anafika ndi vani kudzawatenga. Anali atafunsafunsa kuntchito, napeza kaofesi kena ku Plumstead, pamwamba pa sitolo ya nsapato, ka mayi wina amene ntchito yake inali kufunira inshulansi madalaivala okhala ndi milandu. Mayiyo anamva nkhani yonse osadabwa. Anati Toyota aiiwale, injini yake njaikulu. Agule kagalimoto kakang'ono, aziyendetsa okha, ndipo mtengo ukhala wowawa koma wotheka. Atatha anawayang'anitsitsa.

"Bambo, mumvetse bwino. Pepala ili likudziwa munthu mmodzi ndi galimoto imodzi. Mukakhala pa chiwongolero cha ina iliyonse, mulibe chokutetezani. Mapointi aja akadalipo. Akakugwiraninso, khoti likulandani laisensi, ndipo ngakhale ine sindidzakupezerani kanthu."

"Munthu mmodzi, galimoto imodzi," a Lasten ankabwereza potsika masitepe. "Achimwene, uwu ndiye ukwati wa ku tchalitchi. Mitala yatha."

Anagulitsa Toyota, nawonjezera mashifiti, nagula ka Nissan kofiira. Mawondo awo ankafika pa chiwongolero. Wilicheya inkalowa pokhapokha atapinda mbali imodzi ya mpando wa kumbuyo, kotero kuti malo otsala anali a munthu mmodzi. Lamulungu loyamba munthuyo ndinali ine. Pa pantoni mayi Effie anatsitsa galasi ndi dzanja la kumanzere, natseka maso. Ku Tottenham amayi a Mvano anathamangira galimoto ndi nthungululu, ndipo nyimbo yachiwiri ya tsikulo anayambitsa ndi iwo. A Biswick anakhala kumbuyo kwenikweni, akupukutapukuta magalasi awo ndi kansalu kaja.

Mu Meyi 2007 a Lasten anagwa akukweza katundu mu vani, ndipo sanadzukenso. Unali mtima. Pa famu pamene anabadwira panalibenso nyumba yawo, ku Dedza kunalibe wowadziwa, choncho mkazi wawo, mayi Tabeth, anaganiza zowaika kuno, ku manda a ku Enfield. A Biswick anagwira ntchito pa malirowo kuyambira tsiku loyamba. Ananyamula mipando ndi mapoto m'kagalimoto kawo, maulendo ambirimbiri pamene ina ikanangopita kamodzi. Pakhomo panali pataima galimoto ya malemu, yaikulu, ya mizere itatu ya mipando. Ankadziwa chimene chikubwera. Tsiku loti mawa nkoika anaimbira mayi wa ku Plumstead uja kupempha inshulansi ya tsiku limodzi pa galimotoyo. Zinakanika: mwini wake wamwalira, wopemphayo ali ndi mlandu. Anakauza a Henderson, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo.

"Tiziona mawa," anangotero a Henderson.

Mawa lake magalimoto onse anadzaza. Panatsala amayi achikulire amene anachokera ku Luton ndi ku Leicester pa basi, ataima m'mbali mwa msewu ndi zitenje zawo. Mayi Effie anali atakhala kale kutsogolo kwa ka Nissan, ine kumbuyo. Pamenepo mayi Tabeth anatuluka, amayi awiri atawagwira mbali ndi mbali, makiyi ali m'manja. Analunjika kwa a Biswick, anthu onse akuona.

"Alamu," anatero, mawu atasasa, "mnzanu ankati akadzamwalira, galimoto yake mudzayendetse ndinu pomuperekeza. Ankati akufuna adzaone ngati munakhozadi."

Anthu anaseka, misozi ili m'maso. A Biswick anagwada pa simenti. Manja sanatambasule.

"Alamu, mundikhululukire. Sindingathe."

Dzanja la mayi Tabeth linakhalabe m'malere.

"A Kansengwa," anatero a Henderson, "ku Enfield mpafupi. Wapolisi wanji angaimitse maliro?"

"Aja a Oswald analinso maliro, akulu."

"Chizungu chawalowa," ananena mayi wina kumbuyo, osati motsitsa.

"Inshulansi yomwe akuinyadirayo anawapezera ndi malemu omwewa," anatero wina.

Mayi Effie anatsitsa galasi. "Bambo a Stephanie," anaitana. A Biswick anadzuka napita pa zenera. Mawu a mayiwo anabwera pang'onopang'ono, ndipo anthu anadikira. "Tengani. Zikavuta, ine ndikhala. Ndinazolowera."

A Biswick anawerama. Anayankha motsitsa kwambiri, moti ndikhulupirira kuti tinamva ndife awiri okha.

"Mwakhala kale mokwanira."

A Killian, mlongo wa mayi Tabeth, anatsomphola makiyiwo, nakweza amayi aja. Nawonso dzina lawo silinali pa inshulansi ya galimotoyo. Anapita, anabwerako, palibe anawaimitsa. Ndiyenera kulemba zimenezi chifukwa ndi zoona, ndipo nzimene zinakulitsa mlandu wa a Biswick pamaso pa anthu. Kumanda, abambo atapempha mafosholo kuti akwirire okha monga timachitira, a Biswick anatenga imodzi ndipo sanaipereke kwa wina. Anafotsera mpaka suti yakuda ija inasanduka ya dothi. Mayi Tabeth sanawayang'ane.

Kuyambira pamenepo a Biswick sanatumidwenso pa maliro. Ankabwerabe, kunyamula zimene akanatha, koma mbale ankaisuntha akamayandikira, ndipo nkhani m'khitchini inkaduka akalowa. A Henderson ankawapatsa moni wa mutu. Mayi Tabeth akawaona ankadzera khomo lina. Kamodzi kokha a Biswick anandiuzako za mumtima, tili pa pantoni, mayi Effie akuodzera.

"Lasten akanandinyoza sabata yonse," anatero. "Kenaka akanabwera ndi nyama yootcha. Vuto nlakuti woti abwere ndi nyamayo ndi amene tinamukwirira."

Koma Lamulungu lililonse ka Nissan kankaima pakhomo pa tchalitchi nthawi isanakwane, mvula kaya chisanu. Wilicheya inkatsika, mayi Effie nkukakhala pakati pa anzawo a Mvano. Anayamba kulankhula bwinoko. Anaona Stephanie akulandira digiri ku Kingston, atapita pa kagalimoto komweko. Zaka ziwiri ndi miyezi zinapita chotero, ndipo pa zenera paja sanakhaleponso ndi yunifolomu.

Sitiroko yachiwiri inabwera chakumapeto kwa 2009, ndipo inawatenga. Thupi linali loti lipite ku Ntcheu, koma mapemphero otsanzikana anali ku Tottenham. Anthu anasonkhana ku Thamesmead, ochuluka kuposa mmene ndinkayembekezera, mpaka ena kukhala m'nyumba mwanga. Mayi Tabeth anabwera pamodzi ndi amayi a Mvano, nakhala pansi ndi anzawo masiku onse, osalankhula ndi a Biswick. Pafupi ndi khomo panali mbale.

M'mawa wa tsiku la mapemphero galimoto ya bokosi inafika pansi. A Biswick anali atapempha eni ake kuti adzere pa pantoni. Anatsika, nayamba kuzungulira ka Nissan, kupondaponda matayala. A Henderson anawatsatira, mbale ili m'manja.

"A Kansengwa, namfedwa sayendetsa galimoto. Ikani makiyi muno, wina akuyendetseni."

Mwa mwambo a Henderson ankanena zoona. A Biswick anaima, makiyi atawafumbata. Sanakane, sanapereke. Anangoti, "Ulendowu ndi wathu wa Lamulungu, akulu." Anthu anayamba kuunjikana, ndipo ndinaopa kuti tibwereza za pa maliro a a Lasten zija.

Mayi Tabeth anatuluka pakati pa amayi, akumangitsa chitenje.

"Asiyeni, a Henderson," anatero. "Kagalimoto aka kamadziwa munthu mmodzi. Amuna anga ankati ndi ukwati wa ku tchalitchi."

Sanadikire yankho. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, nakhala pa mpando wa mayi Effie, namanga lamba. A Biswick anadzutsa mbali ya mpando wa kumbuyo imene inali yopinda zaka zonsezo, Stephanie ndi ine nkulowa. Tinanyamuka kulowera ku Woolwich.

Pa pantoni tinaima kumbuyo kwenikweni kwa galimoto ya bokosi. A Biswick anazimitsa injini, manja onse awiri ali pa chiwongolero. Kunali kozizira kwambiri tsiku limenelo. Madzi atayamba kusuntha, mayi Tabeth anafunafuna chotsitsira galasi pa chitseko.

"Ankatsitsa mpaka pati, alamu?"

"Mpaka pansi," anayankha a Biswick.

Anatsitsa galasi lonse, mphepo ya pamtsinje nkulowa.